Kodi pulogalamu yoonetsa komwe munthu ali ingapeze msika ku Harare?

Funso: Kwathu ndi ku Dedza, koma ndakhala ku Mufakose kuno ku Harare zaka zambiri. Mwana wa mchemwali wanga ndi anzake ayambitsa kampani yaing'ono yopanga pulogalamu ya pa foni yoonetsa achibale ndi abwenzi komwe munthu ali, ndipo akundipempha kuti ndiikemo ndalama zanga za penshoni. Kodi malonda amenewa ali ndi tsogolo?
Bambo wa ku Mufakose

Yankho: Bambo, mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama, chifukwa chimene anyamatawa akufuna kugulitsa anthu ambiri ali nacho kale m'thumba popanda kulipira. Kuyambira mu 2017, WhatsApp imalola munthu kuonetsa komwe ali kwa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8, ndipo Google Maps nayo imachita zofananazo. Ngakhale makampani akuluakulu anavutika nazo: Google inatsegula pulogalamu yotere yotchedwa Latitude mu 2009 n'kuitseka mu 2013, pomwe ina yotchedwa Zenly, imene kampani ya Snap inagula mu 2017 ndipo inkakondedwa ndi achinyamata miyandamiyanda, inatsekedwa mu 2023. Pulogalamu ya Life360 ya ku America ikadalipo chifukwa makolo a kumeneko amalipira mwezi ndi mwezi kuti aziona komwe ana awo ali.

Vuto lalikulu la kuno ndi la ma bandulo. Anthu ambiri amagula ku makampani a mafoni a Econet kapena NetOne bandulo ya WhatsApp yokha, imene sitsegula mapulogalamu ena, choncho pulogalamu yatsopanoyo idzafuna kuti munthu awononge ndalama zina asanaone n'komwe ubwino wake. Kuonjezera apo, GPS, imene foni imagwiritsa ntchito podziwa pomwe ili, imatha batire msanga, ndipo m'mzinda umene magetsi amazimazima palibe amene angalole foni yake kuthera moto pa chinthu chongosangalatsa.

Komabe sindikunena kuti anyamatawa aleke. Ndikuona kuti msika wawo uli kwa anthu amene amataya ndalama akapanda kudziwa komwe katundu kapena galimoto ili: eni makombi (maminibasi), otumiza njinga zamoto kukapereka katundu, makamakanso amalonda athu amene amakweza katundu m'mabasi opita ku Blantyre kudzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Mayi amene watumiza katundu wa malonda amakhala tsiku lonse akuimbira kondakitala, ndipo basi ikalowa m'dziko la Mozambique foniyo kawirikawiri sipezeka. Pulogalamu yotha kumuuza pa SMS kuti basi yadutsa pachipata, n'kulandira malipiro pa EcoCash (njira yotumizira ndalama pa foni), ingakhale ikuchita chimene WhatsApp sichita.

Afunseninso za malamulo. Lamulo la Cyber and Data Protection Act la mu 2021 linapatsa POTRAZ, bungwe loyang'anira za matelefoni ku Zimbabwe, udindo woteteza zinsinsi za anthu, ndipo kampani yosunga mayendedwe a anthu iyenera kulitsata. Nkhaniyi imandikhudza kwambiri, chifukwa chida choterechi mwamuna wansanje angachigwiritse ntchito polondalonda mkazi wake mobisa; pulogalamuyo iyenera kupempha chilolezo cha mwini foni ndi kumulola kuizimitsa pamene wafuna.

Penshoni yonse musapereke. Auzeni kuti ayambe akuonetsani eni magalimoto kapena amalonda amene alipira kale kwa miyezi ingapo motsatizana, ndipo mukakhutira, ikanimo gawo lochepa limene mungapirire litatayika, mutalemberana pangano lotchula gawo lanu m'kampaniyo pamaso pa loya.