Mwana wanu wa ku America wayamba kusapota Newcastle? Mayi, mtima pansi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amakhala ku Indiana, ku America. Ndiifupikitse. Mwana wawo wamwamuna, wobadwira komweko, wa zaka 20, anapita ku Newcastle ku England kukaphunzira chaka chimodzi pa yunivesite. Sabata yoyamba analowa m'bala atavala malaya a mizeremizere yofiira ndi yoyera, anthu anamukuwiza, mpaka wapakhomo anamuuza kuti avale jekete pamwamba. Pano pangodutsa miyezi itatu koma akaimba foni nkhani ndi ya mpira basi, akumati "ife" akamanena Newcastle United, ndipo akusakasaka tikiti ya gemu ya Sunderland. Mayiwa akufunsa kuti, udani umenewu ndi wa chani, nanga mwana wanga ali bwinobwino kumeneko?

Mayi, zikomo pondilembera. Ine ndakhalapo kumpoto chakum'mawa kwa England kumeneko ndiye ndiyankha zomwe ndinaona ndi maso angawa.

Tiyambe ndi malaya aja. Mwana wanu sanalakwe dala, koma mosadziwa anavala mtundu wa Sunderland mkatikati mwa tauni ya Newcastle. Newcastle ndi zakuda ndi zoyera, Sunderland ndi zofiira ndi zoyera, zonse za mizere. Inu mukukumbuka za Bullets ndi Wanderers ku Blantyre, munthu kukakhala ndi zabuluu pakati pa zofiira, ndiye chithunzi muli nacho kale. Kusiyana kwake nkoti awa si matimu awiri a tauni imodzi, ndi matauni awiri osiyana, ina pa mtsinje wa Tyne ina pa mtsinje wa Wear, kutalikirana pafupifupi makilomita 19 okha, ndipo tauni iliyonse ili ndi timu imodzi yaikulu basi. Ndiye ukanyoza timu wanyoza tauni yonse, agogo, manda, chilichonse.

Ndipo kusagwirizanaku kunayamba mpira usanabwere nkomwe. Kalelo mafumu a ku England anapatsa amalonda a ku Newcastle mwayi waukulu pa malonda a malasha, a ku Sunderland nkumaona kuti akuponderezedwa. Itabuka nkhondo yapachiweniweni m'zaka za m'ma 1640, Newcastle inali mbali ya mfumu Charles I pomwe Sunderland inali mbali ya Nyumba ya Malamulo. Sindikunena kuti mnyamata amene anakuwiza mwana wanu uja amaganiza za 1644 ayi, mwina sazidziwa nkomwe, koma anabadwa nkupeza bambo ake akunena kuti a uko si anzathu, bambo akewo anapezanso chimodzimodzi.

Chimene chimandikhudza ine kwambiri ndi ichi. Matauni awiriwa anali a migodi ya malasha ndi kukhoma sitima zapamadzi, ntchito za thukuta zimene zinadyetsa mabanja mibadwomibadwo, kenako zinatha. Ku Sunderland malo omaliza okhomera sitima anatsekedwa mu 1988. Mgodi wa Monkwearmouth unatsekedwa mu 1993, ndipo pamalo pomwepo ndi pamene anamangapo Stadium of Light, sitediyamu ya timu ya Sunderland, yomwe inatsegulidwa mu 1997. Tangoganizani mayi, munthu amene bambo ake ankatsikira pansi pa nthaka pamalo amenewo kukakumba malasha, lero iye amakhala pa mpando pamwamba pake kuonera timu yomwe bambo akewo ankasapota. Ntchito zinapita, anthu ambiri anasamuka, chimene chinatsala osasuntha ndi timu. Ndiye mukamva kuti munthu wamkulu ndi ndevu zake walira chifukwa cha chigoli musadabwe.

Apa ndi pamene mwana wa ku America amazunguzika mutu. Kwanuko timu ikhoza kunyamuka nkusamukira tauni ina, ngati mmene Rams inachokera ku St. Louis kupita ku Los Angeles mu 2016, kapena Raiders kuchoka ku Oakland kupita ku Las Vegas mu 2020. Komanso ngakhale timu iluze chaka chonse imakhalabe mu ligi yomweyo. Ku England ukachita zibwana umatsika, ndipo Sunderland inatsika kawiri motsatizana, 2017 ndi 2018, mpaka kukapezeka mu ligi yachitatu komwe inakhalako zaka zinayi, a Newcastle akuseka tsiku ndi tsiku, koma anthu ake sanaisiye, amadzazabe sitediyamu masauzande, mpaka inabwerera mu Premier League mu 2025. Newcastle nayo inakhala kuyambira 1955 osatenga chikho chachikulu cha m'dziko, mpaka March 2025 pomwe inagonjetsa Liverpool 2-1 ku Wembley. Zaka 70 kudikira! Anthu ena anabadwa, kukalamba mpaka kumwalira osachiona. Nchifukwa chake amasunga zigoli ngati mbiri ya banja, a Sunderland adzamuuza za 9-1 ya mu 1908 ndi magemu 6 otsatizana amene anawina pakati pa 2013 ndi 2015, a Newcastle adzayankha ndi 5-1 ya mu 2010 komanso zigoli 206 zimene Alan Shearer anagoletsera timu yawo.

Nanga bwanji iyeyo wakopeka msanga chonchi? Ndikukuuzani, ku Newcastle nkovuta kuthawa. St James' Park, sitediyamu ya Newcastle United, ili pakatikati pa tauni, pa chitunda, umaiona ukutuluka m'kalasi chifukwa Newcastle University ili pafupi pomwepo, ndipo tsiku la gemu anthu oposa 50,000 amadutsa m'misewu yomweyo imene iye amagulamo buledi. Chigoli chikalowa phokoso limamveka ngakhale uli kunja. Mwana ali yekha kudziko la eni, kukuzizira, mu December dzuwa likulowa isanakwane 4 koloko, anthu akulankhula Chingerezi cha Geordie chimene sabata zoyamba sumva kanthu, kenako dalaivala wa basi kapena mayi wogulitsa mu Grainger Market akumufunsa kuti gemu ya dzulo unaiona bwanji, iye nkuyankha, nkuseka limodzi. "Ife" amene mukumumva pafoni uja wachokera pamenepo. Ine ndingadandaule kwambiri akanakhala kuti amangodzitsekera m'chipinda kapena kumangocheza ndi anzake a ku America okhaokha.

Tsopano za chitetezo, sindikunamizani kuti kulibe vuto. Tsiku limene matimu awiriwa akumana kumakhala apolisi ambiri, ena pa mahatchi, ndipo mu 2013 Sunderland itawina 3-0 ku Newcastle kunachitika chipwirikiti m'tauni, anthu ambiri anamangidwa. Koma zoterezi zimachitika pakati pa kagulu kochepa kamene kamapita kukafuna ndewu katamwa kuyambira m'mawa. M'sitediyamu masapota a timu yobwera amakhala kwaokha, otchingidwa ndi alonda, ndipo lamulo la mu 1985 sililola kumwa mowa pamalo amene ukuona bwalo. Masiku ena onse anthu omwewa amakwera sitima imodzi ya Metro, amagwira ntchito limodzi ku fakitale ya Nissan, ena anakwatirana kumene.

Ndiye mumuuze izi. Tikiti ya gemu imeneyi ndi yovuta kwambiri kuipeza ngakhale kwa eni tauni, asagule kwa munthu wa pamsewu kapena wa pa Facebook, kugulitsa matikiti a mpira mwanjira imeneyo nkoletsedwa ndipo ambiri ndi akuba. Asayerekeze kugula mpando mbali ya Sunderland nkumati ndikakhala chete, chigoli chikalowa thupi limadzuka lokha. Akalephera kupeza tikiti akaonere m'bala ndi anzake a komweko amene amadziwa malo abwino, gemu ikatha asaime kuonerera gulu likayamba kukankhana ndi apolisi, asatulutse foni kujambula, azingopita kunyumba. Ndipo nyimbo zina zimene adzamve ndi zotukwana, asamangotsatira chilichonse chifukwa choti anzake akuimba.

Koma pali nkhani imodzi imene ndikufuna aidziwe asanaphunzire kudana ndi anthu amene sanawaonepo. Mu July 2014 ndege ya MH17 itagwetsedwa ku Ukraine, munali masapota awiri a Newcastle amene amapita ku New Zealand kukaonera timu yawo. Masapota a Sunderland anayamba kusonkha kuti agule nkhata ya maluwa, ndalama zinapitirira mapaundi 30,000. Adani omwe aja. Nthawi iliyonse ndikaikumbuka nkhani imeneyi mtima umandiwawa, chifukwa iwowo anamvetsa kuposa wina aliyense kuti munthu wokwera ndege ulendo wautali choncho chifukwa cha timu ndi munthu wotani.

Ndiye mayi, mukamuimbira Lamlungu likubwerali mufunseni kuti anawina kapena analuza, muone mmene atsegukire. Ndipo mumupemphe chinthu chimodzi m'malo mwa ine, tsiku lina lopanda gemu asiye jezi yake kunyumba, akwere Metro, ndi ulendo wa pafupifupi theka la ola, akatsike ku Sunderland. Akayende m'mbali mwa mtsinje wa Wear mpaka kunyanja ku Roker, adye tchipisi ndi nsomba, kenako akaime panja pa Stadium of Light pomwe anaimika chifanizo chachikulu cha nyali ya anthu a mumgodi, akujambulireni chithunzi akutumizireni.