Chithunzi cha agogo cha galasi lotukuka: n'cha chaka chiti?

Mayi wina wandilembera imelo kuti: "Ndapeza chithunzi chachikulu cha agogo awo a amayi anga. Felemu yake ili ngati dzira, galasi lake n'lotukuka pakati, ndipo nkhope ikuoneka ngati anachita kuilemba ndi pensulo. Palibe deti. Ndingadziwe bwanji zaka zake?"

Zikomo mayi. Musasake deti limodzi, chifukwa pamenepo pangakhale madeti atatu: tsiku limene agogowo anajambulitsa, limene chithunzicho chinakulitsidwa, ndi limene chinalowa m'felemu.

Zithunzi zamtundu umenewu zinafala kuyambira cha m'ma 1890 mpaka m'ma 1920. Amalonda ankayenda khomo ndi khomo, kutenga kachithunzi kakang'ono ka pabanjapo n'kupita kukakakulitsa. Chikakula chinkatuluka chozilala, ndiye munthu waluso ankadutsamo ndi makala kapena choko, kukometsera maso, tsitsi ndi kolala. Maso anu sanakunamizeni, dzanja la munthu linagwiradi ntchito pankhopepo. Apa ndi pamene ambiri amasokera: nthawi zambiri banja linkapereka kachithunzi ka munthu amene anamwalira kale. Choncho zovala ndi kapesedwe ka tsitsi zikuuzani za tsiku lojambulitsa, lomwe lingakhale lakale kwambiri kuposa pepala limene mukulionalo.

Tsopano itembenuzeni felemuyo, muone misomali. Ya makona anayi ndi yakale. Yobulungira, yopangidwa kuchokera ku waya, inafala cha m'ma 1890. Mukapeza sikulu ya mutu wa mtanda, yotchedwa Phillips, dziwani kuti inayamba m'ma 1930, ndiye kuti mwina wina anatsegulapo pambuyo pake. Chizindikiro cha situdiyo kapena nyuzipepala imene anatsekera nayo kumbuyo zimathandiza kwambiri, koma nyuzipepalayo imangonena za nthawi yotseka felemu.

Chonde, musachitulutse kuti muchiwongole. Chithunzicho anachimata pa katoni yopindika mofanana ndi galasilo, ndipo katoni yakale sichedwa kuthyoka. Nsalu yonyowa isayandikeko, makala aja amachoka ngakhale ndi chala. Ndinaonapo china chitafufutika tsaya lonse chifukwa wina anafuna kupukuta fumbi, ndipo mpaka pano zimandiwawa.

Chijambuleni ndi foni kumaso ndi kumbuyo, muchichotse padzuwa, kenako mutumizire achibale achikulire. Afunseni ngati wina akusunga kachithunzi koyambirira kaja. Kumbuyo kwa kameneko n'kumene kumakonda kupezeka dzina la situdiyo, mwinanso deti lolembedwa pamanja.