Timipira toyera pachithunzi cha ku Bembeke

Achimwene, chithunzi chanu ndachikuza pafoni ndi palaputopu pomwe. Mwafunsa ngati timipira toyera tomwe tikuyandama pamitengo ya kumandayo ndi mizukwa, komanso ngati mungalowe m'katimo usiku kuti mukajambule bwino. Inenso ndakhala ndikuyenda ndi kamera kuno ku Dedza kwa zaka zingapo kusaka zomwezi, ndiye ndikuyankheni ngati mnzanu.

Timipirato ndi fumbi kapena timadontho ta nkhungu. Fulashi ya foni imakhala moyandikana kwambiri ndi diso la kamera. Kanthu kakang'ono kakadutsa pafupi kamabweza kuwala konse, ndipo poti kamera yalunjika patali, kamatuluka kotupa, kobulungira, ngati kali uko kumitengo chonsecho kali pamphuno panu. Mwati munajambula mu July. Nkhungu ya ku Bembeke mwezi umenewo mukuidziwa nokha. Palinso mpweya wa m'kamwa, womwe m'chisanu chathuchi umafuka ngati utsi, ndipo ukakumana ndi fulashi umaoneka ngati munthu wofunda nsalu yoyera. Zinandichitikira cha ku Chongoni. Ndinasunga chithunzi sabata yathunthu mtima uli m'mwamba, mpaka ndinabwererako n'kujambulanso osapuma mpweya, woyera uja osaonekanso.

Yesani usiku uno. Kunthani mphasa pakhonde, mujambule ndi fulashi. Kenako zimitsani fulashi, wina agwire tochi chapambali, mujambulenso. Ndikapita kokasaka, ine ndimajambula katatu motsatizana ndili pamalo amodzi, mnzanga akujambulanso ndi foni yake. Chimene chaoneka pafoni imodzi yokha, kamodzi kokha, sindichiwerengera. Musamalenso ndi night mode, njira ya foni yojambulira mumdima, chifukwa imatolera kuwala kwa masekondi angapo, moti munthu wongodutsa amatuluka wambuu, mitengo ikuonekera m'thupi mwake. Zoterezi sizinayambe lero: William Mumler wa ku Boston ankagulitsa zithunzi za mizimu m'zaka za m'ma 1860, ndipo mu 1869 anazengedwa mlandu wachinyengo ku New York, ngakhale kuti sanamupeze wolakwa.

Sindikuti mizimu kulibe. Agogo anga ankati mzimu ukafuna kulankhula umabwera kutulo, kudzadandaula kuti manda amera tchire kapena kuti aiwalidwa, ndipo mawu amenewo ndimawalemekeza. Ndikungoti tisamapatse fumbi dzina la makolo athu.

Tsono zolowa kumandazo, chonde musayerekeze. Manda ali ndi eni ake, amfumu ndi adzukulu, ndipo salowedwa popanda chilolezo ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Kuno kwa Achewa manda ambiri ndiwonso dambwe la Gule Wamkulu. Munthu wosameta akapezeka m'menemo, kuwonjezera apo ali ndi kamera, mlandu wake si wa nkhuku imodzi. Ndiponso mudzi ukaona mlendo akuzemberazembera usiku ndi zipangizo zothwanima sufunsa kawiri. Kumbukirani 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu anaphedwa pongowaganizira kuti ndi anamapopa.

Chandidetsa nkhawa kwambiri ndi zomwe ena alemba pansi pa chithunzichi, zoti afiti a m'mudzimo ndiwo akutamba. Chithunzi chikafika pa WhatsApp chimayenda chokha, ndipo amene amalozedwa chala amakhala agogo okhala okha kumapeto kwa mudzi. Lamulo la 1911 la zaufiti limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma lamulolo limafika nyumba itapsa kale. Chotsani dzina la mudziwo pazomwe mwalemba.

Ngati mtima ukukanabe, kaonaneni ndi amfumu masana, muwafotokozere zomwe mukufuna. Akalola, kaimeni pamsewu pomwe munaima paja, usiku wopanda nkhungu, fulashi yozimitsa, foni yotsamira pamwala kuti isagwedere. Mudzaike zithunzi zonse zitatu muno tidzazione limodzi.