Yambani ndi mapazi, gaida idzabwera pambuyo

Achimwene, ndawerenga funso lanu. Mwati mulipo asanu ndi atatu: wa akodiyoni, wa clarinet, a magitala awiri, wa ng'oma ndi amayi atatu oimba, ndipo mukufuna kuyamba nyimbo za makolo za ku Bulgaria ndi za Aromani. Mukufunsa ngati muyambe mwaitanitsa gaida, chida chouzira cha thumba lachikopa ndi zitoliro, ndi kusakasaka manotsi. Ine ndakhala ndikuliza akodiyoni m'kagulu kotere kwa zaka zingapo, ndiye sindipsatira: ndalama ya gaidayo ibwezeni kaye m'thumba. Chimene chimagwetsa magulu atsopano ndi kawerengedwe.

Nyimbo zambiri zovinira za kumeneko sizigawika mofanana. Zimasakaniza timagawo tatifupi togunda kawiri ndi tatitali togunda katatu. Paidushko ndi 5/8, yogawika 2+3. Ruchenitsa ndi 7/8, yogawika 2+2+3. Daichovo ndi 9/8, 2+2+2+3. Kopanitsa imafika 11, katatu kaja kali pakati: 2+2+3+2+2. Akatswiri amati kayendedwe kameneka ndi aksak, mawu a Chituruki otanthauza kutsimphina, ndipo analasa: mwendo umodzi umachedwerako kunyamuka.

Ife poyamba tinkawerenga ruchenitsa ndi zakudya, "nyemba, nyemba, chimanga". Sabata yoyamba zinayenda. Kenako tinazindikira kuti lilime lathu limakokera pa "ma" wa chimanga, chonsecho kulemera kuyenera kugwera pa "chi". Wa ng'oma wathu anali atazolowera kale zokhotazo, ndipo kumuwongola kunatidyera mwezi wathunthu. Mankhwala ake anali kuvina. Zida zonse pansi, mugwirane manja mumzere, mutsegule nyimbo, muvine mphindi makumi awiri musanalize kanthu. Wovina wa ku Bulgaria sawerenga mpaka 7 m'mutu, amangomva "fupi, fupi, tali" kuphazi. Yambani ndi pravo horo, poti siitsimphina, kenako paidushko ndi ruchenitsa. Kopanitsa muisiyire mwezi wachitatu. Manotsi muwapereke munthu akatha kale kung'ung'udza nyimboyo akuyenda, chifukwa tizokometsera ta zala timene timaipatsa fungo lake sitilembedwa tonse papepala.

Chida chimodzi chomwe ndingati mugule msanga ndi tupan, ng'oma ya mbali ziwiri yokoleka paphewa. Mbali ina amamenya ndi ndodo yonenepa, inayo ndi kamkwapulo kowonda. Ndodo imalengeza poyambira kagawo, kamkwapulo kamadzaza mipata. Gulu likasochera limabwerera pamenepo. A magitala atenge ntchito ya tambura, chida cha zingwe chofananako ndi gitala, azikhwatcha mwachidule mogwirizana ndi tupan, asamachulutse makodi.

Kwa amayi atatuwo ndili ndi chenjezo. Ambiri timalowa m'nyimbozi titamva Le Mystère des Voix Bulgares, chimbale chimene Marcel Cellier anatulutsa mu 1975 n'kudzatchuka dziko lonse chitatulukanso mu 1986. Kukoma kwake sindikutsutsa, koma zimenezo ndi nyimbo zokonzedwa ndi akatswiri a manotsi kuti ziimbidwe ndi kwaya yaikulu, potsata njira imene Filip Kutev anaitsegula atakhazikitsa gulu la boma loimba nyimbo za makolo mu 1951. Anthu atatu mukazilondola mudzangotopa. Mverani m'malo mwake agogo a ku Bistritsa, mudzi wa pafupi ndi Sofia, amene UNESCO inalemekeza kaimbidwe kawo mu 2005. Kumeneko wina amatsogolera nyimbo, anzake agwira liwu limodzi osalisuntha, mawu n'kumayandikana mpaka kukhulana. Khutu lokulira m'kwaya ya kutchalitchi limafuna kuthawira pa alto wokoma. Musalole, kukhulanako ndiye nyimboyo. Mawu azituluka otseguka, owongoka, osanjenjemera, monga mayi akuitana mwana kutsidya kwa dambo. Ndipo mupeze munthu wolankhula Chibulgaria awakonze katchulidwe, ngakhale kamodzi pamwezi.

Za Aromani ndichedwapo pang'ono. (Wina m'gulu lathu ankaganiza kuti ndi Aroma a m'Baibulo. Ayi, awa ndi mtundu wina, makolo awo anachokera ku India.) Musazitenge ngati tsabola wothira pa nyimbo za Chibulgaria kuti konsati itenthe. Kyuchek, gule wawo, amavina munthu payekha, pa 2/4 kapena 9/8. Nyimbo yake imatsata makam, ndondomeko ya kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu monga za ku Turkey, ndipo pakati pa nyimbo woliza amasiyidwa yekha kuti apeke zake pamwamba pa ng'oma. Apa manotsi sathandiza n'komwe.

Wa clarinet wanu akhale pansi amvere Ivo Papazov, wobadwira ku Kardzhali mu 1952, ndi gulu lake la Trakiya, komanso Yuri Yunakov wa saxophone. Awa ndiwo anakweza nyimbo za m'maukwati, zothamanga ngati mphezi, zosakaniza za Chibulgaria, za Chiromani ndi za Chituruki. Asawatsanzire liwiro, adzathyoka zala. Atenge kachidutswa ka masekondi khumi, akachepetse liwiro pa foni, akabwereze mpaka kalowe. Koma gulu lonse lidziwenso kuti m'zaka za m'ma 1980 boma la Bulgaria la Todor Zhivkov linkaletsa kyuchek, oimba ankalipitsidwa ndi kutsekeredwa chifukwa choiliza paukwati, ndipo mu 1984 ndi 1985 Asilamu olankhula Chituruki anakakamizidwa kusintha mayina awo. Yunakov anasamukira ku New York mu 1994, ndipo mu 2011 dziko la America linamupatsa ulemu wa National Heritage Fellowship. Nyimbo imene eni ake anaigonera m'chitokosi simungaiimbe ngati yotola panjira. Pa konsati muzinena kuti iyi ndi ya Aromani, tinaiphunzira kwa uje. Mawu oti "tsigani" ndi "gypsy" muwasiye, ambiri amawamva ngati chipongwe, ndipo zovala zosanzira nazo n'zosafunika.

Ndalama ya gaida ija ilipireni mphunzitsi. Ku Bulgaria kuli sukulu za nyimbo za makolo ku Kotel, yotsegulidwa mu 1967, ndi ku Shiroka Laka, ya 1971, kuphatikizapo koleji ya nyimbo ku Plovdiv. Ena otuluka m'menemo amaphunzitsa pa intaneti. Za kyuchek zokha mufune woimba wachiromani, poti iwo ambiri amaphunzira kwa abambo ndi amalume m'maukwati momwemo. Ngati thumba lidzalola ulendo, ku Koprivshtitsa kumachitika chikondwerero chachikulu cha oimba a m'midzi, chinayamba mu 1965 ndipo chimabwera pafupifupi zaka zisanu zilizonse.

Gaida payokha ndi yokongola, koma ndi yamakani. Ndi thumba la chikopa cha mbuzi lokhala ndi zitoliro, imakakamira kiyi imene inapangidwira, timabango take timasintha ndi nyengo, ndipo kuitsitsa mawu sikutheka. Tsiku limene nonse asanu ndi atatu mudzavine ruchenitsa popanda mlomo wogwedera, mudzandilembere tikambirane ngati mukufuna yaing'ono ya ku Thrace kapena kaba gaida ya kumapiri a Rhodope, ya mawu a besi ija inaperekeza Valya Balkanska pa chimbale chimene chinanyamuka ndi Voyager, chombo cha mumlengalenga, mu 1977. Musanaitanitse, mukagogode kaye kwa aneba.