Mafunso a Owerenga: Ndege Inatsika Chambali, Kenako Inakweranso

Akonzi, ndine mayi wochita bizinesi ya mbatata ndi kabichi ku Lizulu, m'boma la Ntcheu. M'mwezi wa Januwale ndinapita pa basi ku Johannesburg kukaona mwana wanga, ndipo pobwerera iye anandigulira tikiti ya ndege. Titayandikira Lilongwe ndegeyo inayamba kugwedezeka ngati minibasi pamsewu wokumbika, ndipo nditasuzumira pawindo ndinaona kuti ikutsika chambali, mphuno italoza kwina, msewu woterapo uli kwina. Titatsala pang'ono kugunda pansi, injini zinalira kwambiri n'kutikwezanso m'mwamba. Tinazungulira kwa kanthawi, kenako tinatera mwamphamvu moti ena anakuwa. Chichitikireni ngozi ya ku Chikangawa, ife a ku Ntcheu kuno mtima sukhala m'malo tikamva za ndege. Kodi woyendetsayo anali wongophunzira kumene? Nanga ndikwerenso?

Mayi wa ku Lizulu

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Mantha anu ndi omveka, makamaka poti malemu Dr. Saulos Chilima, amene anamwalira pangozi ya ku Chikangawayo pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu pa 10 Juni 2024, anaikidwa kwanu komweko ku Nsipe. Komabe ngozi imene ija inali ya ndege yaing'ono ya asilikali imene inkauluka pamapiri ophimbidwa ndi nkhungu, ndipo siifanana ndi zimene munaona inu. Zinthu zitatu zimene zinakuopsani, kutsika chambali, kukweranso ndi kugunda mwamphamvu, ndizo zikundisonyeza kuti amene anali kutsogolo amaidziwa ntchito yake.

Ndege imafuna kutera moyang'anizana ndi mphepo, chifukwa mpweya wochokera kutsogolo umanyamula mapiko ndipo umachepetsa mtunda wothamanga ikafika pansi. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi lili ndi msewu woterapo umodzi wokha, wolembedwa 14 kumapeto kwina ndi 32 kumapeto kwinaku. Manambalawa ndi a kampasi: 14 ndi madigiri pafupifupi 140, kumwera chakum'mawa, kumene kumachokera mwera wa m'nyengo yozizira. Koma mphepo ya mvula ya Januwale imachokera kulikonse, ndipo ikawomba m'mbali, woyendetsa alibe msewu wina woti asankhe pabwalopo.

Pamenepo amachita zimene amachita wopalasa bwato powoloka mtsinje wodzaza. Akalozetsa bwato molunjika padoko la tsidya lina, madzi amukokolola n'kukamutula kumunsi; choncho amalozetsa mphuno chakumtunda, ndipo bwatolo limayenda mopingasa koma n'kukafika pomwe akufuna. Woyendetsa ndege nayenso amapotoza mphuno kuloza kumene mphepo ikuchokera, ndege n'kumatsata mzere wapakati pa msewuwo ngakhale ikuoneka yopendekeka. Iwo amati crab, kutanthauza nkhanu, chifukwa cha kayendedwe kake. Luso lenileni limaonekera m'masekondi omaliza. Matayala atatsala pang'ono kukhudza tala, amaponda ndi phazi chiwongolero cha kumchira kuti mphuno iwongoke, kwinaku akutsitsa pang'ono phiko la kumene kukuchokera mphepo kuti lisanyamulidwe. Akafulumira kuwongola, mphepo imakankhira ndege kunja kwa msewu; akatsitsa phiko mopitirira, nsonga yake kapena injini imatha kukhula pansi. Zotere zinachitika ku Hamburg pa 1 Malichi 2008, pamene phiko la Airbus A320 linakhudza msewu pa namondwe, oyendetsa n'kukweranso, n'kukatera bwinobwino pamsewu wina popanda wovulala.

Mwina mudabwa kumva kuti mphepo ikakula, kawirikawiri amatereza ndege ndi manja, chifukwa malire a mphepo ya m'mbali amene kompyuta imaloledwa kuterera ndi otsika poyerekeza ndi a munthu. Ndege iliyonse ili ndi mulingo wake wolembedwa. Wa A320 ndi ma knot 38, amene ndi makilomita pafupifupi 70 pa ola, ndipo umatsika ngati msewu wanyowa. Mphepo ikaposa malirewo samayesa n'komwe: amadikira m'mwamba kapena amapita pabwalo lina, ndipo mafuta a zimenezi amanyamuliratu.

Kugunda kumene kunakuwitsa anzanu n'kwadala. Pamsewu wonyowa, ndege yotera mofewa imatha kuyandama pamadzi, mabuleki osagwira. Kuikhazika pansi mwamphamvu kumachititsa kuti matayala aboole madziwo, zotchinga mpweya za pamwamba pa mapiko zitseguke msanga, ndi kulemera konse kutsamire pa matayala. Ine ndimati anthu amene amaomba m'manja ndege ikatera mofewa nthawi zina amayamikira chinthu cholakwika.

Kukweranso kuja amakutcha go-around, ndipo si kulephera. Ndege ikatsika kufika mamita 300 kapena 150 kuchokera pansi, malinga ndi mmene kunja kukuonekera, iyenera kukhala pa liwiro loyenera ndi pamzere woyenera. Chimodzi chikasokonekera, lamulo limati asakakamize. Woyendetsa aliyense mwa awiriwo, ngakhale wamng'ono paudindo, ali ndi ufulu wolamula kuti akwerenso. Amaziyeserera zimenezi kangapo pachaka m'makina otchedwa simulator, amene amagwedezeka ngati ndege yeniyeni ali pansi.

Choopsa chenicheni n'chimene inu simukanachiona pawindo. Mtambo wa mabingu nthawi zina umakhuthula mpweya wozizira molunjika pansi, ngati madzi okhuthulidwa mumtsuko, ndipo ukagunda nthaka umamwazikira mbali zonse. Mphepo zotere zili m'gulu la zimene zimasasula madenga a sukulu ndi matchalitchi mvula ikamayamba. Ndege ikalowamo imayamba yakumana ndi mphepo ya kutsogolo imene imaikweza, kenako imakankhidwira pansi, pomaliza mphepo imachokera kumbuyo n'kulanda mapiko mphamvu, zonsezi pa masekondi ochepa ndege ili kale pafupi ndi nthaka. Katswiri wa zanyengo Ted Fujita wa ku University of Chicago ndiye anafotokoza mphepo imeneyi atafufuza ngozi ya ku New York ya 1975, n'kuitcha microburst, ngakhale akatswiri anzake ena anayamba amukayikira. Pa 2 Ogasiti 1985 ndege ya Delta inagwa ndi mphepo yomweyi ikutera ku Dallas, anthu 137 n'kumwalira. Zitatero, ndege zazikulu zinayamba kuikidwa zipangizo zimene zimachenjeza mokweza mawu kuti windshear, kutanthauza kusintha kwadzidzidzi kwa mphepo, ndipo woyendetsa akangomva mawuwo amapereka mphamvu zonse za injini osayamba waganiza kawiri. N'kutheka kuti kulira kwa injini kumene munamva kunali kotere, kapena mphepo inangomusuntha pamzere.

Kugwedezeka kwa m'mwamba kokha sikuthyola ndege ya masiku ano, pakuti mapiko ake anapangidwa kuti azipindika ngati nsungwi. Amene amavulala ndi anthu osamanga lamba. Pa 21 Meyi 2024 ndege ya Singapore Airlines yochokera ku London inagwedezeka koopsa pamwamba pa dziko la Myanmar anthu akulandira chakudya cham'mawa. Bambo mmodzi anamwalira, ambiri anavulala pomenyetsa mitu kudenga, koma ndegeyo inakatera yamphumphu ku Bangkok.

Tsono kwerani ndithu, mayi. Mwana wanu akamagulanso tikiti m'nyengo ya dzinja, mumuuze ayese kupeza ndege yofika m'mawa ngati ilipo, chifukwa mitambo ya mabingu imakonda kuunjikana masana, monga mumaionera pamwamba pa phiri la Dedza. Apemphenso mpando wa pakati, pafupi ndi mapiko, pamene sipagwedezeka kwambiri ngati kumchira. Lamba mumange kuyambira ponyamuka mpaka ndege itaima, ngakhale kanyali kolamula kumanga katazima.