Achimwene, Seiko yowala ija isiyeni kaye

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina wa ku Ntcheu amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Dzina ndilisunga. Akuti bambo awo atamwalira, mayi anawapatsa wotchi ya Seiko 5 imene malemuwo anagula ku Joni nthawi ya TEBA, ndipo chiyambire pamenepo mtima wawo wagwa pa mawotchi akale. Funso lawo ndi ili: "Kodi mawotchi akale osowa ndingawapeze kuti pamtengo wabwino? Pa Facebook ndaona Seiko 5 ya nkhope ya olenji, yowala ngati yatsopano. Wogulitsa akuti ndi ya m'ma 1970 ndipo njosowa kwambiri. Ndiigule?" Anatumizanso zithunzi ziwiri, china cha wotchi ya pa Facebookyo, china cha kumbuyo kwa wotchi ya bambo awo.

Achimwene, pepani ndi imfa ya bambo. Za wotchi ya pa Facebook ija, musaigule.

Chithunzicho ndachiyang'ana nthawi yaitali, ndikuchikulitsa pa foni. Penti ya pankhope ilibe ndi kachilema komwe, zilembo za SEIKO zanenepa ngati zolembedwa ndi cholembera chotha mutu, ndipo kachishango kokhala ndi nambala 5 kapendekeka pang'ono. Chachikulu n'chakuti pansi penipeni pa nkhope, cha pa 6 koloko, Seiko yeniyeni ya zaka zimenezo imakhala ndi tizilembo ting'onoting'ono tosonyeza nambala ya makina ndi nambala ya nkhopeyo, tolembedwa mosalala kwambiri. Pa wotchi ija palibe. Wotchi imene yavalidwa zaka pafupifupi 50 singaoneke ngati yatuluka m'fakitale dzulo. Dzuwa limafwifwitsa penti, tizinthu towala mumdima ta pamivi timasanduka tachikasu, m'mbali mumakhala tizipsera.

Osonkhanitsa mawotchi amaitcha mitundu imeneyi kuti Mumbai special. Ku India kunagulitsidwa mawotchi ambirimbiri a Seiko, Citizen ndi HMT, kampani ya boma la kumeneko imene inayamba za mawotchi mu 1961 mothandizana ndi Citizen. Akatopa mawotchiwo, amisiri ena amawatolera, n'kutenga makina a iyi, chikombole (chitsulo chakunja chosungiramo makina) cha iyo, mivi ya inayo, n'kulumikiza. Kenako amapaka nkhope penti yowala ya mtundu umene Seiko sinapangepo pa wotchi yoteroyo, n'kupolisha kunja konse, n'kuika pa eBay, msika wa pa intaneti, pamtengo wotsika. Wina akagula khumi amadzazigulitsa imodziimodzi pa Facebook akunena kuti n'zosowa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Inenso poyamba ndinagulapo imodzi kwa wogulitsa wina wa pa intaneti, ya nkhope yobiriwira. Inayenda masabata atatu n'kuima. Mmisiri ataitsegula tinapeza kuti timiyendo togwira nkhope tinathyoka kalekale, nkhopeyo anachita kuimata ndi guluu, ndipo pansi pake panali dzimbiri lofiira ngati dothi la katondo. Zinandipweteka, chifukwa ndalama imeneyo ikanakwanira kukonzetsa wotchi ina yabwino imene inangokhala m'dirowa.

Tsono mawu akuti "yosowa" amenewa muziwamva mosamala. Seiko 5 inayamba mu 1963 ndipo zinapangidwa mamiliyoni. Sizisowa ayi. Chimene chimasowa ndi Seiko 5 yakale imene sinasinthidwe nkhope, sinasinthidwe mivi, sinakwechedwe mpaka makona ake kutha, ndipo mwini wake akudziwika. Yoteroyo muli nayo kale m'manja.

Pachithunzi cha kumbuyo kwa wotchi ya bambo ndikuona manambala awiri. Yoyamba ikuyamba ndi 6309: imeneyo ndi nambala ya makina a m'kati, ndipo manambala anayi otsatira pambuyo pa kamzere ndi a chikombole. Yachiwiri, ya malo asanu ndi limodzi, ikuyamba ndi 9D. Pa Seiko, nambala yoyamba imaimira nambala yomaliza ya chaka, yachiwiri imaimira mwezi: 1 mpaka 9 ndi Januwale mpaka Seputembala, ndipo O, N ndi D ndi Okutobala, Novembala ndi Disembala. Makina a 6309 anapangidwa kuyambira 1976 mpaka cha mu 1988, choncho 9 ameneyo sangakhale chaka china koma 1979. Wotchi ya bambo inatuluka m'fakitale mu Disembala 1979. Afunseni mayi ngati zikugwirizana ndi ulendo umene bambo anabwera nayo. Muonenso ngati tizilembo ta pansi pa nkhope tikuyambanso ndi 6309. Zikafanana, ndiye kuti mwina nkhopeyo ndi yake yobadwa nayo.

Makina amenewa salira batire ndiponso sachita kuwainda ndi kabatani. M'kati muli kachitsulo kolemera kooneka ngati theka la mwezi, kamene kamazungulira mukamagwedeza mkono n'kumakunga sipuling'i. Ikaima, ingoigwedezani pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi, muone ngati muvi wa masekondi wanyamuka. Umayenda timasitepe 6 pa sekondi imodzi, n'chifukwa chake umaoneka ngati ukutsetsereka, pamene wa batire umachita kudumpha kamodzi pa sekondi.

Zilipo ndithu zimene osonkhanitsa amalimbirana. Pali Seiko 6139 ya nkhope yachikasu, mtundu umene William Pogue anavala pa Skylab 4, ulendo wa masiku 84 m'mlengalenga umene unayamba mu Novembala 1973. Pali Seiko 6105 ya osambira pansi pa madzi, pali Omega Speedmaster imene Buzz Aldrin anavala pa mwezi mu 1969. Rolex Daytona ya Paul Newman, katswiri wa mafilimu wa ku America, inagulitsidwa madola 17.8 miliyoni ku New York mu 2017. Nkhani ngati zimenezi ndi zimene zimachititsa munthu kuganiza kuti tsiku lina adzatola chuma pa kaunjika. Koma lero venda aliyense ali ndi foni, ndipo dzina likangokhala lotchuka, zabodza zake zimachuluka kuposa zenizeni. Munthu woyamba kumene akathamangira Rolex kapena Omega yotchipa, amagula feki. Langizo langa n'lakuti musankhe banja limodzi la mawotchi, mulidziwe mpaka muzitha kuzindikira nkhope yopentedwanso muli chapatali. Kwa inu banja limenelo ndi Seiko ya m'ma 1970 ndi 1980, chifukwa chitsanzo chenicheni chofananizira muli nacho, zipangizo zake zimapezeka, ndipo pafupifupi mmisiri aliyense wachikulire anaitsegulapo kambirimbiri.

Nanga kozipeza? Ine malo oyamba ndimapita kwa okonza mawotchi, aja okhala ndi katebulo ka galasi pakhonde la sitolo kapena pamsika, kaya ndi ku Limbe, ku Lilongwe kapena m'tauni ya Joni momwemo. Achikulirewo amakhala ndi kachitini kapena kadirowa kodzaza mawotchi amene eni ake anawasiya zaka zapitazo osadzawatenganso, ndi ena amene anagula kuti azichotsako zipangizo. Musafike n'kufunsa mtengo tsiku lomwelo. Pitani ndi ntchito yaing'ono, kusinthitsa lamba kapena batire ya wotchi ina, mukhale pansi, mucheze. Ulendo wachitatu kachitini kaja kamatuluka kokha. Ine ndinaona mmisiri wina akukhuthulira kachitini kotere pa nyuzipepala: Roamer yopanda galasi, Oris yaing'ono, ma Citizen atatu, Orient imodzi, zonse zafumbi koma nkhope zake zosakhudzidwa. Mufunsenso bwino ngati mwini wake sadzabweranso, kuti mawa pasadzakhale mlandu.

Malo achiwiri ndi m'makomo mwathu. Amuna ambiri amene anapita ku migodi nthawi ya Wenela ndi TEBA ankabwerako ndi njinga, wailesi, jekete ndi wotchi, ndipo mawotchi ambiri adakagona m'masutikesi pamodzi ndi makalata akale. Apa ndikupempheni chinthu chimodzi: musawanyenge agogo. Ngati wotchiyo ndi ya ndalama, auzeni zoona, ndipo ngati ana a m'nyumbamo akuifuna, isiyeni. Inu nomwe mukudziwa mmene ya bambo ikukukhudzirani.

Kumene muliko kuli mashopu ogula ndi kugulitsa katundu wogwiritsidwapo kale monga Cash Crusaders ndi Cash Converters, kuli misika ya zakale ya Loweruka ndi Lamlungu, kuli misika ya pa intaneti ya Gumtree ndi Bob Shop. Abale athu a ku Britain amapeza zambiri m'mashopu a mabungwe othandiza anthu ndi m'misika imene anthu amagulitsira katundu kumbuyo kwa galimoto. Pa kaunjika wa kwathu zambiri ndi za batire zamakono, ngakhale mwa apo ndi apo mumagwa Casio yakale yabwino. eBay ndi Chrono24 (msika wa mawotchi wa pa intaneti) muzizigwiritsa ntchito ngati sukulu poyamba: onani zithunzi zambiri za mtundu umodzi, ndipo pa eBay muziona mitengo imene zinagulidwadi, osati imene ogulitsa akutchula.

Wotchi ikakhala m'manja mwanu, musafulumire. Iyang'aneni padzuwa, osati m'kati mwa shopu. Kunsi kwa galasi kukakhala nthunzi kapena timadontho touma, ndiye kuti munalowa madzi. Kokani kabatani, zungulizani mivi maola 24, muone ngati deti ndi tsiku zikusintha cha pakati pausiku. Pemphani kuti atsegule kumbuyo, muone nambala yolembedwa pa makina ngati ikufanana ndi ya pachivindikiro, muonenso dzimbiri. Wogulitsa wokana kutsegula kapena kutumiza chithunzi cha m'kati, musiyeni ndi wotchi yake. Galasi lokandikakandika lisakuopseni, chifukwa limasinthidwa mosavuta, lamba chimodzimodzi. Nkhope yowonongeka ndiyo ilibe mankhwala. Mawu akuti 17 jewels asakukwezereni mtengo: ndi timiyala tochita kupanga, toikidwa pamene tizitsulo timazungulira kuti tisaperesezeke, ndipo paokha tilibe mtengo. Za golide nazonso, zambiri ndi zongokutira pamwamba. Golide weniweni amakhala ndi chidindo monga 375 kapena 750, kawirikawiri m'kati mwa chivindikiro.

Pa mawotchi a ku Switzerland a mayina ang'onoang'ono, ganizirani kaye za zipangizo. Seiko itatulutsa Astron, wotchi yoyamba yapamkono ya quartz (mtundu woyendera batire), pa 25 Disembala 1969, mawotchi a batire anatsika mtengo msangamsanga, ndipo makampani opanga mawotchi a ku Switzerland anatsika kuchoka pa 1,600 mu 1970 kufika cha pa 600 pakati pa zaka za m'ma 1980. Ambiri anafa ndi zipangizo zawo zomwe. Mukagula yotere kachitsulo kamodzi katathyoka, mutha kudikira chaka musanapeze inzake yochotsako.

Pali chinthu chinanso chokhudza thanzi. Mawotchi ambiri opangidwa chisanafike chapakati pa zaka za m'ma 1960 ankapakidwa penti ya radium, chinthu chotulutsa cheza choopsa m'thupi, pamivi ndi pamanambala kuti aziwala usiku. Kuwalako kunatha kalekale, koma mphamvu yoopsa ya radium imatenga zaka 1,600 kuti ingotsika ndi theka. Musatsegule wotchi yoteroyo pakhomo, musapale penti yake, ndipo ana asaiseweretse galasi likasweka. Za ku Switzerland zolembedwa T SWISS T pansi pa nkhope zinapakidwa tritium, inzake ya radium, imene mphamvu yake imatsika ndi theka pa zaka 12 zokha.

Ndalama imene munakonzera ya olenji ija, ipititseni pa wotchi ya bambo. Ngati yakhala zaka zambiri osatsegulidwa, mafuta a m'kati anauma, ndipo kuivala choncho tsiku ndi tsiku n'kupereseza tizitsulo. Pezani mmisiri amene amamasula makina onse, kutsuka, kuthira mafuta atsopano ndi kusintha timphira totsekera madzi, osati wongodontheza mafuta pamwamba. Mumuuze momveka, ngakhale kulemba papepala, kuti asapente nkhope, asasinthe mivi, asapolishe chikombole, ndipo chilichonse chimene wachotsa akubwezereni. Ngakhale kumbuyo kwalembedwa kuti siilowa madzi, musasambe nayo. Musasinthe deti mivi ili pakati pa 9 koloko usiku ndi 3 koloko m'bandakucha, chifukwa nthawi imeneyo timano tosinthira deti timakhala titalumana kale. Musaigoneke pa sipika kapena pafupi ndi maginito, ingayambe kuthamanga.

Akaitsegula, jambulani makinawo munditumizire, pamodzi ndi chithunzi cha nkhope chojambulidwa padzuwa. Ndikufuna ndione ngati mmisiri wina wakale anakandapo deti m'kati mwa chivindikiro, monga ambiri ankachitira akamaliza kukonza. Ngati ilipo, tidziwa chaka chimene bambo anaikonzetsa komaliza.