Geni ya mabuleki: Joni kapena Dar, ndi zomugulitsa mwini galimoto yotopa

Achimwene, mwafunsa kuti geni ya masipeya a mabuleki imayenda bwanji, mukapikule kuti pakati pa Joni ndi Dar es Salaam, komanso munthu akabwera ndi galimoto yoti yadutsa makilomita 200,000 mumupatse mapadi ndi madisiki otani. Yambani mwayang'ana kaye galimoto zimene zimadutsa pakhomo pa shopu yanu, chifukwa ndi zomwe zikuuzeni boda yolowera.

Sienta, Probox, Passo ndi anzake amene adzaza m'misewu yathu amachokera ku Japan atagwirako kale ntchito, ambiri amatsikira padoko la Dar n'kulowera pa Songwe. Dziko la South Africa salola kuti galimoto zakale zotere zizigulitsidwa kwa anthu a m'dzikomo, ndiye mukalowa m'shopu ya ku Johannesburg n'kutchula Sienta, mnyamata wa pakauntala amangoyang'ana pakompyuta n'kupukusa mutu. Masipeya a galimoto zimenezi mukawapeza ku Kariakoo mu Dar, kapena kwa anzathu amene amaitanitsa ku Dubai. Joni ndi kwa Hilux ndi Fortuner zimene amapanga ku Durban, Ford Ranger ya ku Pretoria, Isuzu ndi Polo za ku Eastern Cape. Minibasi ya Hiace imapezeka mbali zonse, kungoti ku Joni muziti Quantum kuti akumveni. Ngati makasitomala anu ndi a matakisi a Sienta, ulendo wa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge ungokudyerani mpamba.

Dzina la galimoto palokha silikwanira. Funsani nambala ya chasisi: NCP81 ya Sienta yakale ija, NCP51 ya Probox, NZE121 ya Corolla, KDH200 ya Hiace. Vitz ziwiri zooneka mofanana zikhoza kusiyana mapadi chifukwa cha chaka ndi kukula kwa injini. Ine popita kokapikula ndimatenga mapadi akutha amene amakaniko a ku Biwi mu Lilongwe ataya, ndimalembapo nambala ya chasisi, ndipo kumeneko ndimagundanitsa ndi atsopanowo ndisanalipire. Katundu wolakwika mukawoloka naye boda sabwereranso, amangokhala pashelefu mpaka bokosi kusuluka. Musaiwalenso kuti tigalimoto tating'ono tambiri tili ndi disiki kutsogolo kokha, kumbuyo ndi dramu, ndiye ma brake shoe, amene amagwira m'kati mwa dramu, asasowe.

Tsopano za galimoto yotopa, pamene ambiri amaluzira makasitomala. Mwini wake amabwera akuti mabuleki akulira, ndipatseni mapadi. Mukangomupatsa, pakatha mwezi wabweranso akukalipa kuti munamugulitsa feki, chonsecho vuto lili pa disiki. Disiki imadyeka nayonso. Pa disiki nthawi zambiri pamakhala podinda MIN TH ndi nambala ya mamilimita, kutanthauza kuti ikaonda kufika pamenepo yatha ntchito. Gulani kachida koyezera kaja ka vernier kakhale m'thumba, muziyeza nokha. Makilomita olembedwa pa dashibodi musawakhulupirire kwambiri, galimoto zina zimafika atabwezako manambala, koma chitsulo chimaonetsa chimene chadutsamo. Disiki ikakhala ndi mizere yakuya, mlomo wotukuka m'mphepete, mawanga obiriwira a kupsa, kapena chiwongolero chikamanjenjemera poponda buleki, padi yatsopano siikhalapo bwino. Imangogunda pamwamba pa mizereyo, galimoto osaima msanga, padiyo n'kutha nthawi isanakwane.

Amakaniko amakonda kunena kuti tikangoipala pamakina ikhala bwino. Kupala ndi kwabwino ngati pambuyo pake disikiyo ikhalabe yonenepa kuposa nambala yodinda ija. Pa galimoto ya makilomita ochuluka chonchi, nthawi zambiri inapalidwapo kale ndi mwini wake woyamba kapena wachiwiri. Disiki yoonda imatentha msanga, ndipo Sienta yonyamula anthu mopanikiza ndi matumba a chimanga kumbuyo ikamatsika Chiweta kapena Khwekhwelere, kutenthako ndi kumene kumachititsa kuti dalaivala aponde buleki koma galimoto osamvera. Munthu wotere ndimamuuza mosabisa kuti agule madisiki awiri, kumanja ndi kumanzere, ndi mapadi onse anayi a kutsogolo. Kusintha mbali imodzi kumapangitsa galimoto kukokera kumbali poima. Akati ndalama sizikwana, ndi bwino apite akasonkhe kusiyana n'kuti mumugulitse theka la ntchito, chifukwa likadzaonongeka ndi dzina la shopu yanu.

Muziyang'ananso mapadi akale amene achotsawo. Ina ikatha mpaka pachitsulo pomwe inzake ya gudumu lomwelo ikadali yonenepa, ndiye kuti timapini ta caliper, chitsulo chopanikiza mapadi pa disiki chija, tagwira dzimbiri kapena pisitoni yakakamira. Pamenepo ngakhale muike padi yodula chotani idzatha chimodzimodzi. N'chifukwa chake ndimaoda timaraba ndi timapini ta caliper, girisi wake, ndi brake fluid wa DOT 3 ndi DOT 4. Ndi tinthu topepuka, sitidya malo m'chikwama, koma phindu lake limaposa la disiki. Brake fluid amayamwa chinyezi ndipo amayenera kusinthidwa pakatha zaka ziwiri, koma galimoto zambiri kuno zikuyendabe ndi amene zinabwera naye ku Japan, wakuda bii.

Mtundu wa padi uziyendera ntchito ya galimotoyo. Za semi-metallic zimapirira kutentha ndi katundu, ndiye ndi za matakisi, maminibasi ndi mapikapu, ngakhale zimalira pang'ono, zimadetsa malimu ndi fumbi lakuda komanso zimadya disiki mofulumirirapo. Za ceramic n'zachete ndi zaukhondo, zoyenera bwana wochoka ku Area 47 kupita ku City Centre n'kubwerera. Madisiki obowolabowola aja amene anyamata amawasirira musatayirepo mpamba, pa misewu yathu ya fumbi alibe chimene amawonjezera, ndipo otchipa amayamba ming'alu pa mabowopo. Padi yatsopano imakhala ndi nyama ya mamilimita 10 kapena kupitirirako pang'ono, ikafika pa 3 isinthidwe. Muziwauzanso madalaivala kuti makilomita 200 oyamba asamaponde buleki mwankhanza, padi ndi disiki zizolowerane kaye.

Za mayina: Akebono, Advics ndi Nisshinbo ndi a ku Japan, ena mwa iwo ndi amene amapangira mafakitale a galimoto. Ku Joni mupeza Ferodo, ATE, Safeline ndi Bosch. Koma dzina lotchuka ndi limene amakonda kukopera opanga feki, ndipo bokosi masiku ano amalisindikiza bwino kuposa katundu wa m'katimo. Tsegulani. Onani ngati nambala yadindidwa pa chitsulo cha padiyo, ngati nyama yamatidwa bwino popanda mpata m'mphepete, ngati mulinso timalata toletsa kulira. Chizindikiro cha ECE R90 ndi cha lamulo la ku Ulaya loti padi yogula padera isasiyane kagwiridwe ndi yoyambirira kupitirira 15 peresenti, ngakhale nachonso akuba amatha kuchisindikiza. Chimene chimanditeteza ine ndi kugula kwa munthu mmodzimodzi wokhala ndi shopu yokhazikika ndi lisiti yeniyeni, osati kwa anyamata okukokerani kuseri. Katundu wa mtengo wapakati koma wodziwika kochokera ndi amene amayenda. Madisiki a kaunjika ochotsa pa galimoto zophwasula mukhoza kugulitsa mutayeza, koma mapadi a kaunjika ayi.

Kulemera ndi kumene kumadya phindu. Disiki ndi chitsulo chokhachokha, ya galimoto yaing'ono imakwana makilogalamu 5, ya pikapu pafupifupi kawiri kake, ndipo a basi amalipiritsa katundu poyang'ana kulemera. Mapadi amatha kawiri kapena katatu disiki isanathe, ndiye m'chikwama muzichuluka mapadi, madisiki muzitenga a galimoto zitatu kapena zinayi zoyenda kwambiri, ena muziitanitsa munthu akapereka kaye dipoziti. Olemerawo ndimawatumiza pa thiraki pophatikiza ndi anzanga, amachedwa koma mtengo wake umapepuka.

Paboda nenani zoona. A MRA amafuna invoisi, ndipo akaona kuti mtengo mwautsitsa dala amaika wawo, mwinanso kugwira katundu ndi kukulipiritsani chindapusa. Katundu akachuluka mudzafunika ajenti wokuthandizani mapepala, mugwirizane mtengo asanayambe ntchito. Ena adzakuuzani kuti za ku Joni zilibe msonkho chifukwa cha SADC. Kuchepetsa msonkho kumeneko ndi kwa katundu wopangidwadi m'maiko a SADC wokhala ndi setifiketi yosonyeza kumene anapangidwira. Padi ya ku China imene mwangoigulira ku Johannesburg kapena ku Kariakoo siilowa m'gulumo, ndipo VAT mulipirabe. Chimodzimodzi STR, ndondomeko ya COMESA yopeputsa za paboda, imene amalonda ang'onoang'ono amadutsira pa Mchinji, ndi ya katundu wopangidwa m'maiko a COMESA amene ali pa mndandanda wake.

Poika mtengo musawerengere ndalama imene munagulira, werengerani imene mukagulire ulendo wotsatira. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023, amene anagulitsa pa mtengo wakale anapezeka kuti shelefu yatha koma ndalama yake siikukwana kudzazanso theka. Muphatikizepo thiransipoti, malo ogona, msonkho, ajenti ndi mtengo weniweni umene mwapezera randi kapena shilingi. Amakaniko ndi amene adzakubweretsereni makasitomala, muziwasiyira kangachepe pa seti iliyonse, koma ngongole muziwapatsa ya seti imodzi yokha, ina atenge akabweza yoyambayo.